Mwachitapo angati, adokotala?

Mu 2004 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira zomwe zinawawa madokotala ambiri a opaleshoni ku America. Kafukufukuyo anachitikira m'zipatala 14 za asilikali opuma pantchito, ndipo amene ankatsogolera anali dokotala wamayi, Leigh Neumayer. Anatenga amuna 2,164 odwala hernia ya m'mphechepeche, chotupa chobwera matumbo akatulukira pa bowo la minofu ya mimba, n'kuwagawa pawiri mwamaere. Gulu lina analichita opaleshoni yong'amba pamwamba pa chotupacho, monga zimachitikira m'zipatala zambiri mpaka lero. Gulu linalo analichita opaleshoni yodzera pa timabowo titatu ta pamimba, dokotala akuyang'ana pa sikirini zomwe kamera ikuona m'kati. Njira yachiwiriyi, imene madokotala amaitcha laparoscopy, inali itamveka kale kuti ndi yamakono, yosawawa kwambiri, yosiya tizipsera tovuta n'kutiona komwe.

Patatha zaka ziwiri anakhala pansi n'kuwerenga. Mwa ong'ambidwa aja, hernia inabwerera kwa anthu 4.9 pa 100 alionse. Mwa a kamera inabwerera kwa 10.1 pa 100. Zoonadi a kamerawa ululu unali wochepa masiku oyambirira, ndipo anayambiranso zintchito zawo msanga, koma msanga wake anali wa tsiku limodzi lokha.

Akanalekera pomwepo, bwenzi tikungoti njira ya kamera inalephera mayeso. Koma dokotala aliyense anali atafunsidwanso kuti maopaleshoni a hernia a kamera anachitapo angati. Atasanja zotsatira potengera mayankhowo, panaoneka china. Kwa odwala a madokotala amene anali atadutsa maopaleshoni 250, hernia inabwerera kwa anthu ngati 5 pa 100, chimodzimodzi ndi ong'ambidwa aja. Kwa odwala a madokotala osafika 250, inapitirira 10 pa 100. Kumbali yong'amba, kusiyana kwa mtundu umenewu sikunaoneke. Zida zinali zamtundu umodzi, nthenda yomweyo, koma amene wagwira zidazo ndiye ankasiyanitsa.

Tiyambe tamvana za nthendayo. Khoma la mimba ndi minofu yosanjikizana imene imasunga matumbo m'malo mwake. Cha m'munsi, m'mphechepeche, muli kanjira komwe mwa mwamuna mumadutsa kachubu konyamula mbewu ya abambo pamodzi ndi mitsempha yopita ku machende. Pamenepo m'pofooka chibadwire. Pakatakasuka, nembanemba yokuta m'kati mwa mimba imatulukira ngati kathumba, ndipo matumbo kapena mafuta amalowa m'kathumbamo. Munthu akaimirira, akatsokomola kapena akasenza thumba la chimanga, chotupa chimatuluka. Akagona chagada chimalowa chokha. Ikatsikira m'thumba la machende, kwathu kuno anthu amangoti phudzi, ngakhale dzina lomwelo amatchuliranso kutupa kwa madzi komwe ndi nthenda ina. Pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi amadzadwala hernia yotereyi pa moyo wake, pomwe mwa amayi ndi atatu okha pa 100. Padziko lonse maopaleshoni ake amapitirira 20 miliyoni pachaka.

Palibe mankhwala akumwa otseka bowo. Lifunika kusokedwa kapena kuikidwa chigamba. Edoardo Bassini wa ku Padua, m'dziko la Italy, ndiye anasonyeza m'zaka za m'ma 1880 kasokedwe kolimba ka minofu ya pamenepo. Patapita zaka 100, Irving Lichtenstein wa ku Los Angeles anatchukitsa njira yoyala kaukonde ka pulasitiki, kotchedwa mesh, pamwamba pa bowolo m'malo mokoka minofu mokakamiza. Njira ya kamera inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nayo imaika mesh, koma imaika chakumbuyo kwa khoma, monga telala amene amaika chigamba cha buluku chakum'kati. Kusiyana kwake n'kwakuti telala uyu saloledwa kutembenuza bulukuyo. Ayenera kusoka atapisa timitengo titaliatali m'thumba, maso ali kwina.

Nayi mmene imayendera. Wodwala amagonetsedwa tulo tofa nato ndi mankhwala, chifukwa njirayi, kusiyana ndi yong'amba, siitheka ndi jakisoni wongochititsa dzanzi pamalopo. Dokotala amaboola pansi pa mchombo kabowo ka sentimita imodzi kolowetsera kamera, n'kuboolanso tiwiri tocheperapo tolowetsera zida. Amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti m'kati mufufume, mupezeke malo ogwiriramo ntchito. Apa njira zimagawanika. Mu imene amaitcha TAPP, amalowa m'mimba mwenimweni, momwe muli matumbo, n'kudula nembanemba ija kuti afike pa bowo, ndipo akamaliza amaitsekanso. Mu imene amaitcha TEP, salowa m'mimba konse. Amadzitsegulira kampata pakati pa minofu ndi nembanembayo, n'kumagwirira ntchito mmenemo. Kampatako n'kopanikiza, ndipo nembanemba ikangobooka pang'ono mpweya umathawira m'mimba, malo aja n'kuphwa, dokotala n'kutsala akusuzumira ngati munthu amene tenti yamugwera.

Ndiye pali kathumba ka hernia kaja, kamene kamakhala katamatirira pa kachubu ka mbewu ya abambo ndi pa mitsempha ya ku machende. Kayenera kusendedwa pang'onopang'ono popanda kuvulaza zimenezo. Pansi pake penipeni pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi yopita kumwendo. Madokotala okhaokha anapatcha pamenepo kuti triangle of doom, kunena kuti malo a tsoka, chifukwa chida chikaboola pamenepo magazi ake ndi oti munthu angafe nawo pabedi pomwepo. Chapambali pake pali triangle of pain, modutsa timitsempha tomvera ululu ta pantchafu. Kachitsulo kokhomera mesh kakagwera pa kamodzi, munthu akhoza kumva kuyaka pantchafu kwa zaka. Chapakati pali chikhodzodzo. Zonsezi zili pa malo osaposa chikhatho.

Akatha kusenda, amatenga mesh, kawirikawiri ya masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali, n'kuikulunga ngati mphasa, n'kuikankhira m'kati kudzera m'kapaipi kopisidwa pa kabowo ka pamimba kaja. M'kati muja ayenera kuitambasula ndi nsonga za zida ziwiri mpaka igone thyathyathya, itseke osati bowo limene lavuta lokha koma malo onse atatu ofooka a m'mphechepeche. Pomaliza amatulutsa mpweya pang'onopang'ono maso ali pa mphepete ya m'munsi ya mesh, chifukwa nembanemba ikamabwerera m'malo mwake ikhoza kulowa pansi pake n'kuipinda. Ikapindika, hernia ipeza podzera.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya kuzolowera. Zolakwa za wophunzira nthawi zambiri sizikhala za magazi kapena za imfa. Zimakhala zazing'ono: sanasende mokwanira ndiye mesh yasowa pogona, wasankha mesh yaying'ono chifukwa yaikulu imavuta kutambasula, sanaone kabowo kachiwiri pambali, wasiya nthuli ya mafuta m'kanjira kaja. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimaoneka tsikulo. Wodwala amadzuka, madzulo n'kupita kwawo akuyamikira kuti sanamve kuwawa. Chotupa chimadzatulukanso patapita miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo ambiri zikatero sabwerera kwa dokotala yemwe uja, amapita kwina. Choncho dokotala akhoza kukhala akulakwitsa malo amodzimodzi kwa zaka, iye akukhulupirira ndi mtima wonse kuti odwala ake onse ali bwino.

Wina angafunse kuti, dokotala amene wang'amba ma hernia 2,000 angavutike bwanji ndi nthenda yomweyo? Amavutika chifukwa amaiona kuchokera kumbuyo. Zonse zimene wazolowera kuziona kuchokera pakhungu kulowa m'kati, tsopano akuziona kuchokera m'kati kuyang'ana kunja, ndipo zizindikiro zomwe amayendera n'zina. Sikirini nayo siionetsa bwino kuti ichi chili patali bwanji ndi icho. Chida chimatalika masentimita opitirira 30 ndipo chimatsamira pa kabowo kaja monga mmene mkono wa mjigo umachitira: ukatsitsa kuno, uko kukwera, dzanja likapita kumanzere, nsonga ikulowera kumanja. Koposa zonse, zala sizikhudza kanthu. Dokotala wong'amba amamva ndi chala kugunda kwa mtsempha asanauone n'komwe. Wa kamera zimenezo alibe, ayenera kuphunzitsa maso kugwira ntchito ya zala.

Gulu la Neumayer linabwereranso ku ziwerengero zake mu 2005 n'kupeza chinthu chosakomera akuluakulu. Mwa madokotala amene anali asanazolowere njira ya kamera, a zaka 45 kapena kuposerapo ndiwo odwala awo hernia inkawabwerera kwambiri kusiyana ndi odwala a anzawo achichepere osazolowera omwewo. Ife timakonda kukhazika mtima pansi tikaona imvi pamutu pa dokotala, ndipo pa zambiri sitilakwa. Koma imvi zimanena zaka zimene munthu wakhala pantchito. Sizinena kuti kamera anaigwira liti.

Ku Sweden kunachitika kafukufuku wina amene ine ndimaona kuti ndiye amaulula bwino nkhaniyi kuposa onse. Amuna oposa 1,500 anagawidwa mwamaere pakati pa TEP ndi njira yong'amba ya Lichtenstein, n'kutsatiridwa kwa zaka zisanu. Zotsatira zinatuluka mu 2009: hernia inabwerera kwa 3.5 pa 100 a TEP ndi 1.2 pa 100 a Lichtenstein. Atafufuza kuti obwereredwawo anachitidwa ndi ndani, anapeza kuti mwa anthu 21 a TEP amene hernia inawabwerera, 7 anadutsa m'manja mwa dokotala mmodzi. Atamuchotsa m'chiwerengero, 3.5 uja anatsika kufika 2.4. Munthu mmodzi anadetsa mbiri ya njira yonse. Kafukufuku yemweyo anasonyezanso chifukwa chake anthu saitaya njirayi: patatha zaka zisanu, odandaula ululu wosatha m'mphechepeche anali pafupifupi 9 pa 100 mwa a TEP, pomwe mwa ong'ambidwa anali pafupifupi 19 pa 100. Ululu wotsalira umenewu si nkhani yaying'ono. Masiku ano ambiri amauwerengera kuti ndi vuto lalikulu la opaleshoni ya hernia kuposa kubwerera komwe.

Nambala ya 250 ija tisaitenge ngati lamulo la Mose. Madokotala aja ankangonena okha kuchuluka kwa maopaleshoni awo, palibe anawawerengera, ndipo ambiri anaphunzira nthawi imene njirayi inali yachilendo, aphunzitsi ake ali ochepa, makamera ake osaona bwino ngati a lero. Bungwe la European Hernia Society linanena mu 2009 kuti munthu azolowere TEP pamafunika maopaleshoni 50 mpaka 100, ndipo 30 mpaka 50 oyambirira ndiwo oopsa kwambiri. Malangizo a padziko lonse amene gulu la akatswiri a hernia la HerniaSurge linatulutsa mu 2018 amati pamafunika maopaleshoni ngati 100 ochita katswiri akuyang'anira kuti wophunzira afike pa zotsatira zofanana ndi za njira yong'amba. Manambalawa amasiyana chifukwa amayeza zinthu zosiyana. Kufulumira kumabwera msanga. Munthu akachita makumi angapo, nthawi imene amatha pa opaleshoni imodzi imayamba kutsika. Kusiya kulakwitsa tinthu tija tobisika kumachedwerapo.

Komanso kuzolowera kumazilala. Maiko ena amalemba opaleshoni iliyonse ya hernia m'kaundula mmodzi, Sweden kuyambira 1992, Denmark kuyambira 1998, ndipo munthu akachitidwanso opaleshoni kulikonse m'dzikomo zimadziwika. Kaundula wa ku Denmark anasonyeza kuti zipatala zochita maopaleshoni a kamera osafika 50 pachaka, odwala ake ankabwereranso ku opaleshoni kawirikawiri kuposa a zipatala zochita ambiri. Kaundula wa Herniamed wa ku Germany anapeza kuti madokotala ochita osafika 25 pachaka, hernia inkabwerera mochulukirako, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa. Amene anachita 300 zaka khumi zapitazo koma pano amachita atatu pachaka sali pamalo amodzi ndi amene amachita atatu sabata iliyonse.

Kodi luso limeneli limaoneka ndi maso? Ku Michigan, ku America, anayesa, ngakhale pa opaleshoni ina ya kamera, yochepetsa chifu cha anthu onenepa kwambiri. Madokotala 20 anapereka aliyense vidiyo ya opaleshoni yake, anzawo n'kuzipatsa mamalikisi osadziwa mwini wake. Zotsatira, zomwe John Birkmeyer ndi anzake anatulutsa mu 2013, zinali zakuti odwala a madokotala opeza mamalikisi otsika ankakumana ndi zovuta 14.5 pa 100, pomwe a mamalikisi apamwamba zinali 5.2 pa 100. Mamalikisiwo sankayenderana ndi zaka zimene munthu wakhala pantchito. Ankayenderana ndi kuchuluka kwa maopaleshoni amene amachita. Paja mphini yobwereza ndiyo imawala.

Chitsanzo chakale cha zimenezi chili ku Canada, ndipo chilibe kamera. Chipatala cha Shouldice, chomwe Edward Earle Shouldice anayambitsa mu 1945 ndipo pano chili ku Thornhill m'chigawo cha Ontario, chimangochita ma hernia basi, ambiri mwa iwo mong'amba ndi kusoka popanda mesh. Dokotala wa kumeneko amachita mazanamazana pachaka. Atayerekeza zipatala za m'chigawocho, hernia inkabwerera kwa munthu ngati mmodzi pa 100 wa ku Shouldice, pomwe m'zipatala wamba inali pafupifupi 5 pa 100. Kasokedwe komweko kakapita m'manja mwa ochita mwa apo ndi apo, sikabala zipatso zofanana.

N'chifukwa chake malangizo onse akuluakulu amaika mawu oti "ngati". Ku Britain, bungwe la NICE, lopereka malangizo a chithandizo cha m'zipatala, linavomereza mu 2004 kuti njira ya kamera ikhale imodzi mwa zosankha, koma ichitidwe ndi madokotala ophunzitsidwa bwino amene amaichita pafupipafupi. A HerniaSurge amailimbikitsa ngati katswiri ndi zipangizo zilipo, makamaka kwa amene ali ndi hernia mbali zonse ziwiri, poti timabowo tomweto timafika uku ndi uku. Kwa amene hernia yawabwerera atang'ambidwa kale, poti kumbuyo kumakhala kopanda zipsera. Ndi kwa amayi, poti iwo kawirikawiri amakhala ndi mtundu wina wa hernia wa chapansi, wolowera kuntchafu, umene njira yong'amba imatha kuuphonya. Katswiriyo akasowa, Lichtenstein wochitidwa bwino amaposa TEP wochitidwa mophunzira.

Kwa ife nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Amene ali ku Johannesburg, ku London, kapena amene akuganiza zolipira kuchipatala chapulaiveti kapena zopita ku India, adzauzidwa za timabowo ndi kuchira msanga, ndipo mtengo wake udzakhala wokwera. Kukwera kwa mtengo kumanena za makina, sikunena za manja. Mbali inayo ndi ya ambirife, amene hernia yathu idzachitidwa mong'amba pachipatala cha boma, kawirikawiri ndi clinical officer. Pamenepo palibe chochitira manyazi. Ku Ghana anatenga madokotala wamba, ku Sierra Leone anatenga othandizira madokotala, n'kuwaphunzitsa mwadongosolo kuika mesh mong'amba, ndipo patatha chaka hernia inabwerera kwa munthu ngati mmodzi pa 100 mwa odwala awo, osaposa za anzawo a maphunziro apamwamba. Ku Uganda, kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anasonyeza kuti neti yotchipa ya mtundu wa ya udzudzu, yosankhidwa bwino ndi kuphedwa tizilombo kuchipatala, inagwira ntchito mofanana ndi mesh yogula madola opitirira 100. Ndiponso ma hernia ambiri a kwathu amafika kuchipatala atakula, atatsikira m'munsi kwa zaka, ndipo amenewo ngakhale akatswiri a kamera ambiri amasankha kuwang'amba.

Pali funso limene madokotala sakonda kulinena mokweza. Ngati pafunika maopaleshoni 100 kuti munthu azolowere, ndiye kuti pali wodwala wachisanu, wachikhumi, wa nambala 30. Ameneyo ndi bambo wa wina. Popanda iwo, katswiri wa mawa sangapezeke. Njira imene yapezeka yochepetsera mtolo wawo ndi yoti wophunzira ayambire pa bokosi loyesererapo mpaka manja azolowere mjigo uja, aonerere ambiri, kenako azichita gawo limodzi lokha la opaleshoni, monga kulowetsa kamera kapena kuyala mesh, katswiri ataima pambali pake n'kumalanda zida pakavuta. Kumene amatsatira dongosolo lotere, zotsatira za ophunzira zimayandikira za aphunzitsi awo, kungoti amachedwerapo. Woopsa ndi amene wapita ku maphunziro a masiku awiri, wabwerako ndi satifiketi, n'kuyamba yekha Lolemba.

Tinakula tikudziwa kuti dokotala safunsidwa mafunso, ndipo kufunsa munthu wamkulu kuti ntchito yake amaidziwa bwanji kumamveka ngati mwano. Koma pali kafunsidwe kaulemu. "Adokotala, pepani ndifunse nawo, njira imeneyi mumaichita kangati pamwezi? Nanga mwachitapo angati? Achite ndinu nomwe kapena pali amene mukumuphunzitsa, ndipo inu mudzakhalapo? Zikavuta m'kati, mutha kusintha n'kung'amba?" Amene amaichita sabata ndi sabata sakhumudwa ndi mafunso amenewa, amayankha ndi nambala. Amene angakuuzeni kuti iye wazolowera yong'amba ndipo ndi imene angakuchiteni bwino, wakuuzani zoona zofunika ndalama.

Nthawi yofunsira nthawi zambiri ilipo. Kafukufuku wa ku America ndi Canada amene Robert Fitzgibbons anatsogolera, wotuluka mu 2006, anatsatira amuna 720 a hernia yosawawa kwenikweni, ena atachitidwa opaleshoni, ena akungoyang'aniridwa. Mwa odikirawo, hernia yotsekereza matumbo mwadzidzidzi inkagwera anthu osafika awiri pa 1,000 pachaka, ngakhale ambiri mwa iwo anadzachitidwabe opaleshoni m'zaka zotsatira ululu utakula. Zimenezi n'za amuna okha. Mayi sauzidwa kudikira, chifukwa hernia yolowera kuntchafu ija imatsekereza matumbo msanga. Ndipo kwa aliyense, chotupa chikauma gwa, chikakana kubwerera ngakhale mutagona chagada, chikuwawa kwambiri, mukusanza, mimba yatupa, chimbudzi ndi mpweya sizikutuluka, ndiye kuti matumbo afinyika ndipo akhoza kufa m'maola ochepa. Usiku umenewo safunsa za kamera kapena za 250. Mupite kuchipatala chapafupi chimene chili ndi fiyeta, osadikira kuti kuche.